Chaka Chimene Amalume Anandithamangitsa M'chigafa

Chikatoni chija chinali cha sopo. Aphunzitsi athu a Sitandade 8 anachipempha kugolosale ina pa Kaluluma, nachitambasula, n'kuchidetsa mbali imodzi ndi zakuda za m'mabatire akutha kuti choko azioneka. Ankachipachika pamsomali pakhonde la kalasi, chifukwa bolodi la mkati linali long'aluka pakati, ndipo chiganizo chilichonse cholembedwa pamenepo chinkaduka msana. Fungo la sopo silinachoke m'chikatonimo chaka chonse. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo litasakanikirana ndi fumbi la choko, mtima umayamba kugunda ngati pali wina amene akunditchera msampha.

Tsiku lililonse tikaweruka, ife amene tinalembetsa mayeso olowera kusekondale ya mishoni tinkatsalira pakhondepo. Pachikatoni pankakhala ziganizo khumi za Chingerezi. M'chiganizo chilichonse mawu anayi ankakhala atatsekedwa mzere kunsi, ndipo pansi pake pali zilembo A, B, C ndi D. Amodzi mwa mawuwo ankakhala olakwika, ndipo ntchito yathu inali kuwagwira. Nthawi zina anali mneni wosagwirizana ndi mwininkhani, nthawi zina nthawi ya dzulo yosakanizidwa ndi ya mawa, nthawi zina mperekezi amene walowa pamalo pa mnzake. Oopsa kwambiri anali mawu ooneka aulemu wawo, olembedwa bwinobwino, koma osayenera kukhala pamene akhalapo. Aphunzitsi ankati gawo limeneli ndi limene linkagwetsa ana ambiri akumudzi, chifukwa Chingerezi chathu tinkachimva m'kalasi mokha, ndiye khutu lathu silinkadziwa kukana chinthu.

Sukulu ya mishoniyo inali yogonera konko ndipo inkatenga ana ochepa kwambiri a kudera kwathu. Ine ndinali m'gulu lolembalo, pamodzi ndi msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume, amene tinkasiyana miyezi yochepa kubadwa. Zimene zinkachitikira mtsikana wolakwa mayeso kwathu ndinkazidziwa bwino, chifukwa ndinkaziona ndi maso. Ankalima fodya chaka chimodzi, mwina ziwiri, kenako tinkamva kuti kwabwera anthu odzafunsira mbeta. Amalume anali atanena kale poyera, chaka chisanayambe, kuti pakhomo pawo palibe wobwereza kalasi. Wolakwa atenge khasu.

Aphunzitsiwo sanali akwathu. Anachita kutumizidwa kuchokera kummwera, koma anali atakhala pakati pa alimi a fodya zaka zokwanira kudziwa chinenero chimene chimatilowa m'mutu.

"Wolemba mayeso ndi mlimi wachinyengo," ankatero, akugogoda chikatoni ndi chala. "Pamwamba pa belo aika fodya wabwino, pansi aikanso wabwino, woola uja abisa pakati. Inu ndinu ogula a ku okushoni. Musakhulupirire chiganizo chifukwa chavala bwino. Pisani dzanja."

Palibe phunziro limene tinalimvetsa msanga ngati limenelo. Tonse tinali ana a fodya. Tinakulira nkhani za mabelo obwezedwa, za ogula amene amang'amba chiguduli n'kusolola tsamba limodzi lokha la chuku pakati pa masamba abwino osawerengeka. Ndipo panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anamvapo bambo ake akubwera kuchokera ku okushoni n'kunena kuti ogula ayang'ana belo ndipo sanapezemo vuto. Vuto linkapezeka basi. Ukapanda kulipeza iwe, ndiye kuti sunayang'anitsitse.

Ine ntchito imeneyi inandikhala. Ndinkagwira zolakwika anzanga asanamalize n'kuwerenga komwe, ndipo aphunzitsi ankanditchula kuti wapolisi. Dzinalo linandilowa m'mutu kuposa mmene linkayenerera. Ndinayamba kupisa dzanja paliponse: m'zolengeza za kutchalitchi, m'zikwangwani za magolosale, ngakhale m'moni wa anthu. Munthu akandiseka ndinkafunsa mumtima kuti wabisa chiyani pakati. Lero ndine mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo anzanga kuntchito amabisa makadi awo a ukwati ndikamalowa, kuopa cholembera changa. Amayesa ndi nthabwala. Sadziwa kuti khalidwe limeneli linandidyera chaka chathunthu, ndiponso zina zoposa chaka.

Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho ine ndi amayi tinkakhala pafupi ndi amalume, mchimwene wawo wa amayi. Munda wa fodya unali wa amalume, chigafa chinali cha amalume, ndipo mawu omaliza pa chilichonse anali a amalume. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosalankhulalankhula. Kwa iwo kufotokozera mwana chifukwa cha chinthu kunali kudzichotsa ulemu. Akati nyamuka, unkanyamuka, chifukwa chake n'kukachipeza wekha kutsogolo, ngati ungachipeze.

Mvula itasiya, inafika nyengo yosankha fodya. Ntchito imeneyi imafuna manja, ndipo pakhomo pathu manja anali ochepa: amalume, akazi awo, amayi, msuweni wanga ndi ine. Tinkayamba m'mamawa, masamba akadali ofewa ndi chinyezi, chifukwa dzuwa likakwera amayamba kuthetheka n'kumaphwanyika m'manja. Tinkakhala pansi m'chigafa, miyendo titatambasula, n'kumatenga tsamba limodzilimodzi, kulitambasula, kuliyang'ana kuseri ndi kumaso, n'kuliika pamulu wake: lalitali, lalifupi, lofiirira, lotumbuluka, long'ambika. Fumbi lake linkaswa mphuno ndi kuwawa pakhosi. Tikabwera kusukulu tinkabwereramonso mpaka dzuwa kupendeka. Koma ndisanamize, m'chigafamo ndinkamukonda. Munali wailesi ya amalume itapachikidwa pamtanda, munali mtedza wokazinga m'mbale yachitsulo, munali nkhani za anthu akuluakulu zimene sankatiuza kwina kulikonse. Ine ndi msuweni wanga tinkakhala moyandikana, n'kumatsinana amayi akayamba kuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa mawu.

Sabata ina fodya anasowa. Sanali wambiri, mitolo ingapo ya masamba aatali abwino amene amalume anali ataika padera. Aliyense ankadziwa kumene fodya wotere amapita. Mavenda ankakhala kuseri kwa magolosale ndi masikelo awo, ndipo sankafunsa mwana kuti masambawo wawatenga kuti. Amalume sanakalipe. Anangoima pamene panali mitoloyo n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali.

Sindinabe ine. Koma chaka cham'mbuyo ndinali nditatengapo masamba odzaza dzanja n'kukasinthitsa ndi mandasi, ndipo palibe amene anadziwa. Choncho amalume atangoima chomwecho, ine nkhope inayamba kutentha, ndipo ndinali wotsimikiza kuti aona.

Patapita masiku awiri, ndikulowa m'chigafa nditabwera kusukulu, anandiimitsa pakhomo.

"Iwe, kuyambira lero usapondenso muno."

"Ndalakwa chiyani, amalume?"

"Ndati usaponde. Pita kunyumba."

Ndinayang'ana mkati. Msuweni wanga anali atakhala pamalo pake, tsamba lili m'manja, maso ali pansi. Iye sanathamangitsidwe. Ndinathamangira kwa amayi ndikulira, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo, koma iwo anangopukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Amalume ako anena, basi. Tenga makope ako ukhale pakhonde." Kenako anabwerera m'chigafa, n'kundisiya ndili chilili.

Kuyambira tsiku limenelo malo anga anali pakhonde la nyumba ya amayi, ndekhandekha, ndi makope. Chigafa chinali pataliko pang'ono, koma mphepo inkandibweretsera zonse: wailesi, kutsokomola kwa amalume, kuseka kwa akazi awo. Akaseka ndinkati akuseka ine. Akakhala chete ndinkati akunong'onezana za ine. Ndinkawerenga ndi mkwiyo, mano nditaluma, ndikudziuza kuti ndidzakhoza mayeso n'kuchoka pakhomo pa anthu amene amandiyesa wakuba. Sindinawerengepo kwambiri chomwecho m'moyo wanga, ndipo sindinadzifunse n'komwe kuti nthawi yonseyo ndaitenga kuti.

Kuchokera pakhonde pomwepo ndinayamba kuona zinthu zina. Loweruka lina masana aphunzitsi anafika panjinga, osadzera kunyumba kwathu, n'kupita kuseri kwa chigafa kumene amalume ankasoka ziguduli. Anayankhulana nthawi yaitali, mitu itayandikana. Aphunzitsi ankaloza ndi dzanja, amalume akungogwedeza mutu. Pochoka, pakaliyala ya njinga panali nkhuku yomangidwa miyendo. Loweruka linalo anabweranso, ndipo ulendo umenewu anachoka ndi kathumba ka mtedza.

Chaka chimenecho kunali manong'onong'o akuti kuboma kuli anthu ogulitsa likasa, mapepala a mayeso otuluka nthawi isanakwane. Aliyense ankadziwa munthu amene amadziwa munthu wina amene analiona. Ine ndinaika zinthu pamodzi mosavuta, monga wapolisi weniweni. Sukulu ya mishoni imatenga ochepa. Amalume ali ndi mwana wawo wobereka okha. Andichotsa m'chigafa kuti ndisaone zimene zikuchitika mmenemo. Nkhuku ndi mtedza sizipita chabe. Msuweni wanga akupatsidwa mayankho pakati pa milu ya fodya, ine ndili pakhonde kulimbana ndi makope akale.

Ndinamuyesa panjira popita kusukulu. M'mawa umenewo kunkazizira, ndipo iye ankayenda manja atapisa m'khwapa.

"Aphunzitsi amadzatani kwa bambo ako?"

"Kaya."

"Usandinamize iwe. Amakupatsa chiyani?"

"Ndisiye, ndatopa ine."

Kutopa kumeneko ndinakuwerenga ngati bodza. M'kalasi ankasinza mpaka cholembera kugwa, ndipo pa ziganizo khumi za pachikatoni ankakhoza zitatu kapena zinayi. Ine ndinkamuyang'ana cham'mbali n'kumati, taonani mmene akudzipusitsira dala kuti tisamudziwe. Zala zake zinali zakuda m'mphepete mwa zikhadabo, zong'aluka, pamene zanga zinali zitayamba kusalala. Zimenezonso ndinaziona, koma sindinazipeze kuti zili ndi tanthauzo.

Kutatsala milungu itatu kuti tilembe, amalume anakwera lole pamodzi ndi mabelo oyamba, ndipo pobwerera anatsikira kuboma. Anafika kunyumba tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anadutsa pakhonde pamene ndinakhala osandiyang'ana, n'kutulutsa kanthu m'thumba la jekete, kokulunga m'pepala la pulasitiki, n'kupatsa amayi.

"Mumpatse uyo."

Kanali kabuku ka mapepala ojambulitsa pamakina, komangidwa ndi ulusi. Munali mafunso a mayeso a sukulu ya mishoni ija a zaka ziwiri zapitazo. Ndinatsegula gawo la ziganizo, ndipo nthawi yomweyo ndinaona chinthu chachilendo. Zilembo sizinali zinayi. Kumapeto kwa chiganizo chilichonse kunali chilembo chachisanu, E, ndipo malangizo ankati ngati chiganizocho chilibe cholakwika chilichonse, usankhe chimenecho.

Ndinaseka ndekha pakhondepo, kuseka kowawa. Ndinati ndawagwira. Sanakhutire ndi kupatsa mwana wawo likasa, tsopano akufuna kundisokoneza mutu ndi buku labodza. M'mawa mwake ndinakaika kabukuko patebulo la aphunzitsi, kuti ndione nkhope yawo.

Anawerenga tsamba loyamba, n'kubwerezanso. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. Masana amenewo anaima pakhonde, kabuku kali m'manja, n'kulankhula ndi mawu otsika kuposa masiku onse.

"Ana inu, ndinakuphunzitsani ndi mapepala akale. Zinthu zinasintha ine osadziwa. Tsopano ziganizo zina zimabwera zabwinobwino, zopanda vuto. Mukapeza chotero, musachikakamize. Sankhani E."

Tinangoyang'anana. Kenako mnzathu wina wa kumbuyo anafunsa, osakweza n'komwe dzanja, "Aphunzitsi, belo lopanda vuto munalionapo kuti?" Khonde lonse linafa ndi phwete. Ngakhale aphunzitsi anamwetulira pang'ono, koma kumwetulira kwa munthu amene waona kuti msampha wake womwe wamukola.

Anayesetsa, ndiyenera kuwachitira umboni. Masiku otsalawo ankalemba dala ziganizo ziwiri kapena zitatu zabwinobwino pakati pa khumi zija. Ife tinkazipezerabe mlandu. Wina ankati mneni uyu sakumveka bwino, wina ankati mperekeziyu akukayikitsa, ndipo tinkatsutsana ndi aphunzitsi mpaka iwo kugwira mutu. Kusankha E kunkamveka ngati ulesi, ngati kuvomera kuti walephera kupeza chimene chabisidwa. Miyezi isanu ya kupisa dzanja sikanatheka kuichotsa m'milungu itatu.

Anzanga ankangokayika chabe, koma ine ndinali ndi chifukwa changa chapadera. Kabukuko kanachokera kwa amalume. Amene anakavomereza ndi aphunzitsi, omwe aja a nkhuku ndi mtedza. Ndinaona kuti onse awiri agwirizana kusintha malamulo kumapeto kuti wapolisi agwe, ndipo zoona zake azinenera m'chigafa. Ndinawauza amayi tsiku lina akusenda chinangwa.

"Amayi, buku lija ndi labodza. Amalume akufuna ndilakwe."

Mpeni unaima. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Achimwene ayenda wapansi boma lonse, khomo ndi khomo, kufunsa amene ali ndi mapepala amenewo. Munthu wosadziwa kuwerenga, kuchita kupempha anthu kuti amuwerengere pachikuto. Ndiye iwe ukuti chiyani? Mwana iwe, mtima umenewu unautenga kuti?"

Ine ndinamva mawu onsewo, n'kuwatembenuza, n'kupeza kuti munthu sangavutike chomwecho popanda chimene akufuna. Ndimachita manyazi polemba zimenezi, koma ndi mmene zinalili. Ndinakaponya kabukuko pansi pa mphasa ndipo sindinakatsegulenso.

Tsiku la mayeso tinanyamuka m'mawa pagalimoto ya matola, titavala mayunifolomu ochapa, milomo itauma ndi chisanu. Minda ya m'mbali mwa msewu inali itatsala mapesi a fodya okhaokha, ataima mbuu mpaka kumene maso amalekezera. Holo ya kumishoni inali yaikulu kuposa tchalitchi chathu, pansi pake posalala, pozizira, ndipo madesiki anali atatalikirana moti sukanatha kumva mnzako akupuma. Masamu anayenda bwino. Kenako anagawa pepala la Chingerezi, lonunkha inki, loyera moti ndinkaopa kuligwira.

Nditafika pa gawo la ziganizo, ndinayang'ana kaye zilembo. Chilembo chachisanu chinalipo, pa funso lililonse, chimodzimodzi ngati m'kabuku ka amalume.

Munthu wanzeru akanati, ndiye kuti buku lija linali loona. Maganizo amenewo anandifikira ndithu, koma sanakhalitse, chifukwa kuwalandira kunali kuvomera zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo ine ndinali ndi mphindi zowerengeka. Ndinadziuza kuti chabwino, chilembocho chilipo, koma achiika ngati fodya wabwino wa pamwamba pa belo, wokopa aulesi. Ndinawerenga chiganizo choyamba ndipo cholakwika chinaonekera poyera. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu ndinachiwerenga kanayi. Chinali chosalala kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo khutu langa, limene linali litaphunzira ndithu m'miyezi ya pakhonde ija, linkandiuza kuti chisiye, chilibe mlandu. Ndinalikana khutu langa. Ndinasankha mawu amene anali aatali kuposa anzake, poganiza kuti ngati pali chobisika, chabisika mmenemo. Ndinachita chomwecho kangapo, ndipo mpaka pepala kutha sindinalembe E ngakhale kamodzi.

Nditamaliza ndinatembenuka pang'ono kufuna msuweni wanga. Anali mzere wachitatu kumanzere kwanga, mutu uli padesiki, tsaya litagona pamkono, ali m'tulo. Woyang'anira mayeso anabwera n'kumugwedeza paphewa. Ine ndinaluma mlomo n'kunena mumtima kuti, wamaliza kalekale ameneyo, poti mayankho anabwera nawo m'mutu.

Zotsatira zinabwera fodya atatha, zigafa zili mbee, mphepo ikungodutsamo. Aphunzitsi anafika panjinga, ndipo ulendo uno anadzera pabwalo, n'kupempha kuti tonse tikhale pansi. Amayi anayala mphasa. Amalume anakhala pampando wawo, akusoka chiguduli chong'ambika kuti chidzagwire ntchito chaka chamawa. Aphunzitsi ananena mosazungulira kuti pasukulu yathu asankhidwa awiri, ndipo pakhomo pano palibe. Za msuweni wanga sananene zambiri. Za ine anati anafunsa kumishoni, ndipo anamva kuti mapepala ena onse ndinakhoza bwino, koma gawo la ziganizo ndi limene linandikokera pansi, pang'ono pokha.

Msuweni wanga nayenso walakwa. Zimenezo zikanayenera kugwetsa mlandu wanga wonse, koma ine ndinali nditaumanga kwa miyezi, ndipo sindikanalola kuti ugwe ndili chete. Ndinaimirira.

"Ndi inuyo amalume! Munandithamangitsa ngati wakuba, fodya wanu sindinabe ine! Munabweretsa buku lija dala kuti mundisokoneze! Simunkafuna kuti ndipite!"

Amayi anagwira pakamwa. Akazi awo a amalume anati, "Ha!" n'kuyang'ana kumbali. Kwathu mwana sayankhula chomwecho kwa malume wake, ndipo ndinkadikira khofi. Amalume anabaya singano pachiguduli, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwawo munalibe mkwiyo umene ndinkaufuna.

"Wamaliza?"



"Ubwereza," anatero, n'kuzula singano ija kupitiriza kusoka.

Ndinabwerezadi, ndipo chaka chotsatira ndinasankhidwa. Msuweni wanga sanabwereze. Analima zaka ziwiri, kenako anakwatiwa cha ku Chisemphere, kumene akulimabe fodya mpaka lero. Amalume anamwalira ndili kukoleji. Patapita zaka ndinakumana ndi aphunzitsi aja kuboma, atapuma ntchito, tsitsi lonse litayera, ndipo tili pabenchi ya pachipatala ndinawafunsa mwanthabwala za nkhuku ija. Iwo sanaseke. Anati amalume anawaitana kuti awafunse funso limodzi lokha. Anawauza kuti manja m'chigafa ndi ochepa, angathe kumasula mwana mmodzi yekha, ndiye aphunzitsi anene mosakondera kuti mwa atsikana awiriwa angakhoze ndani. Aphunzitsi anati anazengereza sabata yathunthu, chifukwa ankadziwa kuti akuyankha bambo za mwana wake. Atayankha kuti ndine, amalume anangoti zikomo. Maulendo a Loweruka amene ndinkawaona ine anali odzawauza mmene ndikuchitira. Fodya wosowa uja sanatchulidwe n'komwe. Ndinalira pabenchi pomwepo, anthu n'kumayesa kuti ndalandira uthenga woipa kwa dokotala. Munthu woti ndikamupepese anali atagona kale kumanda, ndipo chisoni chimenecho sichinandichokebe.

Koma zonsezo ndi za pambuyo. Chimene ndikufuna kulemba ndi tsiku lina kutatsala sabata kuti sukulu zitsegulidwe, chaka chobwerezacho. Yunifolomu yanga inali itatha, yong'ambika m'khwapa ndiponso yaifupi moti amayi anali atasowa pofutukula. Ndinali pakhonde pamene msuweni wanga anabwera, atanyamula chinthu chopindidwa bwino m'manja awiri. Inali yunifolomu yake, yochapa, yosita ndi simbi ya makala, ikadali yofunda.

"Bambo ati uyese ngati ikukukwana."

Sindinathokoze. Ndinailandira ndi nsonga za zala, n'kudikira kuti achoke, koma iye anakhala pansi m'mphepete mwa khonde, n'kumandiyang'ana. Ndiye ndinachita pamaso pake pomwepo. Ndinaitembenuza kunja kukhala mkati. Ndinatsina mpendero wonse kuzungulira, pang'onopang'ono, kufuna ngati asokereramo kanthu ka mankhwala koti mutu wanga usagwire. Ndinapisa zala m'thumba, ndinafufuza kolala, ndinainunkhiza. Anangokhala, manja ali pamaondo.

Sindinapezemo chilichonse, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Ndinaivala pamwamba pa diresi langa, n'kuima.

"Yakukwana," anatero msuweni wanga. Anadzuka, n'kundikonzera kolala kumbuyo kumene inapindika, n'kutsika pakhonde kulowera kudimba, kumene anali atayamba kale kuthirira nazale ya fodya wa chaka chimenecho.

Ndinamuyang'ana akupita, ndikuganizabe kuti chinyengo chake chili pati. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, wapolisi wa kalasi yonse, wogwira zolakwika zimene ena sankaziona. Koma sizinandifikire m'mutu, ngakhale pang'ono, kumufunsa kuti nanga Lolemba, sukulu zikatsegulidwa, iwe uvala chiyani.